Njinga ya M'katoni

Mukaima pa Lirangwe m'mamawa, dzuwa lisanatuluke bwino, mudzaona njinga zambiri zikudutsa pamsewu waukulu wa M1. Kuchokera ku Blantyre, msewu umenewu umadzera pa Lunzu, pa Lirangwe ndi pa Mdeka, nukawoloka mtsinje wa Shire pa Zalewa. Njinga zina zimakhala zitasenza matumba, zina madengu a matimati, zina mbuzi yomangidwa pakaliyala. Palinso anyamata a kabaza amene amadikira anthu otsika minibasi kuti awapereke kumidzi yakutali ndi msewu. Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1935, imadutsanso pa Lirangwe pomwepo. Koma sitima siifika pakhomo pa munthu. Chimene chimafika pakhomo, podzera m'tinjira ta m'minda, ndi njinga ya kapalasa.

Kodi mudayamba mwadzifunsa kumene njinga zimenezi zimachokera? Agogo anu akukumbukira njinga za Humber ndi Raleigh zimene zinkachokera ku Mangalande. Masiku ano njinga zambiri zakuda, za magudumu akuluakulu, zimapangidwa ku India ndi ku China. Ku India kuli mzinda wotchedwa Ludhiana umene udatchuka ndi ntchito imeneyi. Kumeneko nkumene kuli kampani ya Avon ndiponso ya Hero, imene idayamba kupanga njinga m'chaka cha 1956.

Njinga yomangamanga imadya malo ambiri. N'chifukwa chake opanga njinga amazitumiza zili ziwaloziwalo, zolongedzedwa m'makatoni. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere, choncho katundu wotere amatsikira ku madoko a maiko oyandikana nafe, monga Beira ndi Nacala ku Mozambique, nabwera kuno pamalole kapena pasitima. Akafika kusitolo, pamafunika munthu woti alumikize ziwalozo. Ntchito imeneyi timaitcha kumanga njinga. Mukamaonerera mmisiri akuigwira imaoneka yosavuta, pakuti manja ozolowera sachedwa. Tamvani zimene zidachitikira banja lina la kufupi ndi Lirangwe.

M'mudzi wina wa kutsidya kwa mtsinje wa Lirangwe mudali bambo wina amene adakhala zaka ziwiri akusunga ndalama zogulira njinga. Adagulitsa nandolo, adagulitsa mbuzi ziwiri, ndipo akazi awo adaonjezerapo ndalama zawo za zitumbuwa. Njingayo sankaifunira kunyada ayi. Pakhomopo padali agogo, apongozi awo a bambowo, amene mwezi uliwonse ankayenera kupita kuchipatala kukalandira mankhwala a matenda a kuthamanga kwa magazi. Miyendo ya agogowo idali itatopa, ndipo ulendo umene kale ankauyenda dzuwa lisanakwere tsopano unkawathera tsiku lathunthu. Tsiku lawo lina lokalandira mankhwala lidali Lolemba.

Lachisanu bambowo adapita ku Limbe nagula njinga. Mmisiri amene adali pakhonde pa sitolo adawafunsa kuti, "Bambo, ndikumangireni pompano?"

"Ayi, zikomo," iwo adayankha. "Njinga ndayamba kuziona ndili mwana. Ndikamanga ndekha."

Mumtima mwawo ankawerengera kuti ndalama ya mmisiriyo agulira shuga ndi mchere. Adakweza katoni ija paminibasi, natsikira pa Lirangwe, naisenza mpaka kumudzi.

Loweruka m'mawa ntchito idayambika pabwalo, patsinde pa mtengo wa mango. Ana awiri a pakhomopo, mnyamata wa zaka 16 ndi mlongo wake wa mu Sitandade 5, adakhala pafupi. Ana a anansi nawo adabwera naunjikana. M'katonimo mudatuluka fulemu, foloko, magudumu awiri, matayala, machubu, chishalo, chiwongolero, tcheni, madigadi ndi mapedulo. Pansi penipeni padali kathumba ka pulasitiki ka manati, mabawuti ndi tizitsulo tobulungira tonga mphodza.

"Abambo, bwanji tiyambe tayala mphasa?" adatero mayi.

Mawuwo adachedwa. Bambo adali atang'amba kale kathumbako ndi mano, ndipo tizitsulo tonse tidangoti mbwee pamchenga. Nkhuku zidayesa chimanga, zidathamangirapo. Ana adazipirikitsa, nayamba kutola. Adatola tambiri ndithu, koma palibe amene adadziwa kuti tidalipo tingati.

Tizitsulo tobulungirato ntofunika kwambiri. Timakhala paliponse pamene chitsulo china chimazungulira m'kati mwa chinzake: pakati pa gudumu, pakati pa mapedulo, ndiponso pakhosi pa njinga pamene foloko imatembenukira. Tikamagubuduzika, zitsulo sizikhulana. Koma timafuna kukhala taukhondo, tokwanira, ndiponso topaka girizi. Mchenga ukalowapo umapera zitsulo monga mwala uperera mapira. Bambowo adangotipukuta pabuluku, natiika pakhosi pa njinga, nalowetsa foloko.

Apa padachitika cholakwa chachiwiri. Mukayang'anitsitsa foloko ya njinga mudzaona kuti siyowongoka. Kunsi kwake ndi kopindikira kutsogolo. Kupindika kumeneko kumakankhira gudumu patsogolo pang'ono, kuti litalikirane ndi mapazi a wopalasa, ndiponso kuti njinga iziwongoleka bwino. Bambo adamanga chiwongolero foloko itayang'ana kumbuyo. Gudumu lidayandikira fulemu, ndipo njinga idaoneka yofupika ngati mbuzi yokhwinyata ndi mvula. Aliyense adaona kuti china chake sichili bwino, koma palibe adadziwa kuti nchiyani.

Kenaka idafika nthawi yoveka matayala. Tayala latsopano ndi louma, silifuna kulowa msanga mu limu, mkombero wachitsulo wa gudumu. Bambo adatuma mnyamata kuti akatenge supuni ndi sikuludilaiva, natokosa nazo mpaka tayala lidalowa. Adapopa, adapopa, koma mpweya udangomveka kuti tsiii, tayala n'kukhalabe lophwa. Nsonga ya sikuludilaiva idali itatsina chubu nichiboola pawiri. Chubu chimene chidali chisanayendepo ngakhale phazi limodzi chidamatidwa zigamba ziwiri ndi sulushoni wopempha kwa anansi.

Chubu ndi chofewa chifukwa ntchito yake ndi kusunga mpweya, ndipo mpweyawo ndiwo umatiteteza ku mabampu. Kale njinga zidali ndi matayala a mphira wokhawokha, ndipo wokwera ankagwedezeka thupi lonse. Dokotala wina wa ziweto wa mumzinda wa Belfast, dzina lake John Boyd Dunlop, adamvera chisoni mwana wake amene ankavutika pakanjinga ka magudumu atatu. Adamupangira matayala opopa, ndipo m'chaka cha 1888 adalandira chikalata cha boma chovomereza luso lakelo. Amisiri poveka tayala amayamba apopera kampweya pang'ono m'chubu kuti chisapindike, ndipo mbali yotsiriza ya tayala amaikankha ndi zikhato, osati ndi chitsulo chosongoka.

Dzuwa lili paliwombo, padatsala mapedulo. Mtsikana uja adali atawanyamula m'manja, akuwatembenuzatembenuza.

"Ababa, pali zilembo apa," iye adatero. "Ili alemba L, linali alemba R. Kusukulu adatiphunzitsa kuti pa Chingerezi mawu otanthauza kumanzere amayamba ndi L, ndipo otanthauza kumanja amayamba ndi R."

"Mwanawe, pedulo ndi pedulo," adayankha bambo, thukuta lili kamukamu. "Sukuona kuti ngofanana ngati mapasa? Bwera nalo kuno."

Adatenga la L naliloza pamkono wa kumanja, umene uli ndi giya yaikulu yokoka tcheni. Adapotoza ndi zala, lidakana. Adatenga sipanala, lidalowa pang'ono, n'kukananso. Apo adatenga kachidutswa ka paipi, navekera kumchira kwa sipanala, nakanikiza ndi mphamvu zawo zonse. Pedulo lidalowa mopendekeka, ndipo pansi padagwa tizidutswa tachitsulo tonyezimira. Linalo adalikakamizanso kumanzere, koma lidangolowa theka.

Agogo adali pakhonde akutong'ola chimanga, ndipo zonsezi ankaziona. Paja pamwambo wathu apongozi salankhula ndi mkamwini wawo maso ndi maso. Choncho adaitana mdzukulu wawo, nalankhula mokweza kuti ndi ena omwe amve.

"Mdzukulu wanga, bwera udzandithandize kuno. Akuluakulu adati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo."

Bambo adamva, koma adachita ngati sadamve.

Tiyeni tiime kaye pamenepa, tione chimene chidalakwika. Pabawuti iliyonse pali mizere yozungulira imene amisiri amaitcha mazinga. M'kati mwa nati mulinso mazinga otero, ndipo awiriwo akakumana bwino amagwirana. Mabawuti ambiri amamangika tikamawapotoza motsata mivi ya wotchi, namasuka tikamawabweza. Chivindikiro cha botolo la mafuta ophikira chimateronso. Pedulo la kumanja limatsata lamulo lomweli. Koma pedulo la kumanzere ndi losiyana: mazinga ake adawadula mobwerera, kotero kuti limamangika tikamalipotoza motsutsana ndi mivi ya wotchi.

Kodi opanga njinga adachitiranji zimenezi? Sadachite kuti asokoneze anthu. Yesani izi. Fumbatani pensulo mosalimbitsa m'dzanja lanu lamanzere. Ndi chala cha dzanja lamanja, yendetsani nsonga yake mozungulira ngati mukutakasa phala. Yang'anani zilembo za papensuloyo. Mudzaona kuti pensulo ikutembenuka yokha pang'onopang'ono m'dzanja mwanu, ngakhale kuti simukuipotoza. Zoterezi zimachitikanso panjinga. Munthu akamapalasa, kulemera kwa phazi lake kumachititsa chitsulo cha pedulo kutembenuka pang'onopang'ono m'bowo la mkono, kulowera cha kutsogolo. Kumanja, kutembenukira kutsogolo ndiko kumangika. Kumanzere, mazinga akadakhala a masiku onse, kutembenukira kutsogolo kukadakhala kumasuka, ndipo pedulo likadamagwa munthu ali paulendo. Pobweza mazinga a kumanzere, amisiri adachititsa kuti mapedulo onse awiri azilimba pamene munthu akupalasa.

Pali njira yosavuta yokumbukirira. Kaya muli kumanja kaya kumanzere, imitsani sipanala mchira wake uloze kumwamba. Mukaukankhira ku gudumu la kutsogolo, pedulo likumangika. Mukaukokera ku gudumu la kumbuyo, likumasuka.

Tsono bambo aja adalowetsa mazinga obwerera m'mazinga a masiku onse. Chitsulo cha pedulo ncholimba kuposa cha mkono, choncho chidasenga mazinga a m'bowo. Tizidutswa tonyezimira tija tidali mazinga amenewo. Mazinga akatha sabwereranso.

Dzuwa litapendeka, njinga idaima pamagudumu ake awiri, ikunyezimira. Ana adaomba m'manja. Mnyamata uja, amene ndiye ankayembekezeka kudzanyamula agogo Lolemba, sadafune kudikira.

"Ababa, ndiiyese pang'ono?"

"Yesa, koma usapite patali."

Adakwera nalowera njira yotsetsereka yopita kumtsinje. Poyamba zonse zidaoneka ngati zili bwino, ndipo anzake ankamuthamangira pambuyo akukuwa. Njinga itayamba liwiro, iye adaponda mwamphamvu, ndipo pedulo la kumanja lidazuka n'kugwera muudzu. Adagwira mabuleki, koma timphira take tidali patali ndi limu, pakuti palibe adaticheukira. Patsogolo pake njira idakhota. Adakhotetsa chiwongolero, chiwongolero chidakhota ndithu, koma gudumu lidangolunjika kumene linkapita. Bawuti yaitali ya pakati pa chiwongolero, imene imachigwirizitsa ndi foloko, idali yongomanga ndi zala. Njinga idasiya njira ili paliwiro la mtondo wadooka, ndipo mnyamatayo adakagwera m'munda wa nandolo, phi!

Adadzuka bondo likuchucha magazi, dzanja lamanja atalifumbatira pachifuwa. Anzake aja adangoti zii. Pofika naye kunyumba, dzanjalo lidali litayamba kutupa.

"Abambo, taonani mwanayu!" adatero mayi, misozi ili m'maso. "Nanga akadakhala kuti wanyamula amayi pakaliyala? Nanga kukadakhala kumsewu kuja, pakati pa malole?"

Bambo adangoti kakasi, osayankha kanthu. Mafunso a mayiwo adali oona. Pa zolakwa zonse za tsiku limenelo, chodya ndalama zambiri chidali cha pedulo, koma zoopsa kwambiri zidali za mabuleki ndi chiwongolero. Njinga yopanda pedulo imangoima. Njinga yosaima ndi yosakhota imapha.

Lolemba m'mawa adaitana anyamata awiri a kabaza. Wina adanyamula agogo, wina adanyamula mnyamata uja kuti akamuone dzanja. Mwamwayi fupa silidathyoke, koma adamumanga bandeji namuuza kuti asagwire ntchito yolemetsa kwa milungu ingapo. Bambo adakankha njinga yawo yatsopano mpaka pa Lirangwe, kwa mmisiri wokonza njinga amene ankagwirira ntchito pansi pa mtengo.

"Mwadzuka bwanji, amisiri?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu bambo? Njinga yatsopano chotere yavuta chiyani?"

"Ndidamanga ndekha," adatero bambo motsitsa mawu.

Mmisiriyo sadaseke. Zotere adali ataziona kambirimbiri. Adayala chiguduli pansi, naika mbale yakale pambali pake, nayamba kumasula njinga yonse. Kanthu kalikonse kakang'ono kankalowa m'mbalemo. Tizitsulo tobulungira tija adatitsuka m'palafini, natiwerenga, napeza kuti tikuperewera. Adaonjezera tina, napaka girizi, natiyala bwinobwino pamalo pake. Adatembenuza foloko kuti iyang'ane kutsogolo, ndipo nthawi yomweyo njinga idaoneka ngati njinga.

Atafika pamkono wa kumanja, adalowetsa chala m'bowo napukusa mutu.

"Uwu watha, bambo. Mugule wina pamodzi ndi giya yake, pakuti nzolumikizana. Wa kumanzerewu ndiyesa kuupulumutsa, mazinga ake angophwanyika pakhomo pokha." Adatola pedulo nawaonetsa kachilembo kaja. "Kunyumba kulibe mwana wa sukulu woti akadakuwerengerani apa?"

"Alipo," adayankha bambo, "ndipo adanena."

Mmisiri adapaka girizi pamazinga a pedulo, nawapatsa bambowo kuti alowetse okha ndi zala. Lidalowa mofewa, osafuna mphamvu. "Mwaona? Bawuti iliyonse muziiyamba ndi zala. Ikakana, bwezani, muyang'anenso. Sipanala ntchito yake ndi kutsiriza, osati kuyamba."

Pambuyo pake adakonza gudumu la kumbuyo kuti likhale pakati penipeni. Adakoka tcheni mpaka chidatsala ndi mpata wogwedezeka pafupifupi sentimita imodzi, pakuti tcheni cholimbitsitsa chimalemetsa kupalasa, pamene cholendewera chimagwa. Adasendeza timphira ta mabuleki kufupi ndi limu, nazunguza gudumu, nagwira buleki, kubwerezabwereza mpaka gudumu lidayamba kuima nthawi yomweyo. Potsiriza adaima kutsogolo kwa njinga, napana gudumu ndi mawondo ake, nayesa kupotoza chiwongolero ndi manja onse awiri. Chidali gwa. Mayeso amenewa ngosavuta, ndipo aliyense wa inu angathe kuwachita asanakwere njinga iliyonse, yatsopano kapena yobwereka.

Anthu ena amapeputsa amisiri a pansi pa mtengo chifukwa zovala zawo zimakhala zothimbirira ndi girizi. Kumeneko nkulakwa. Mukadzaona ndege ikutsika pabwalo la Chileka, mudzakumbukire Wilbur ndi Orville Wright, anthu awiri apachibale a mumzinda wa Dayton ku America. Ntchito yawo idali yokonza ndi kupanga njinga. Pa 17 Disembala 1903 adaulutsa ndege yawo ya injini, ndipo injiniyo inkazunguza zopetera mphepo pogwiritsa ntchito matcheni onga a njinga.

Bambo aja adalipira mkono watsopano, tizitsulo toonjezera, chubu china, ndi ntchito ya mmisiri. Pophatikiza ndi ndalama za kabaza, zidaposa kutali zimene mmisiri wa ku Limbe adafuna. Shuga ndi mchere uja sizidagulidwe mwezi umenewo. Madzulo adafika pakhomo atakwera njinga, akuimba belu. Mwezi wotsatira dzanja la mnyamata lidali litapola, ndipo iye adanyamula agogo ake pakaliyala, atawayalira chitenje chopindapinda kuti asamve kuwawa. Mkono wowonongeka uja sadautaye. Adaupachika mumtengo wa mango, ndipo mayi amaumenya ndi mwala akafuna kuitana ana kuchokera kudambo.

A. Mawu oti tiwadziwe

Pezani mawu awa m'nkhaniyi. Fotokozani tanthauzo lake, kenaka pangani chiganizo chanuchanu ndi mawu aliwonse: doko, mmisiri, mazinga, limu, kaliyala, mkamwini, paliwombo, kusenga, kupana, kupeputsa.

B. Mafunso

1. Tchulani malo atatu amene msewu wa M1 umadzera pakati pa Blantyre ndi Zalewa.
2. N'chifukwa chiyani njinga zimabwera m'dziko muno zili ziwaloziwalo?
3. Kodi banja la m'nkhaniyi linkaifunira chiyani njinga? Ndalama zake lidazipeza bwanji?
4. Tizitsulo tobulungira timagwira ntchito yanji panjinga? Chimachitika nchiyani mchenga ukalowapo?
5. Kodi mungadziwe bwanji kuti foloko yamangidwa moyang'ana kumbuyo?
6. Fotokozani kusiyana kwa pedulo la kumanja ndi la kumanzere.
7. N'chifukwa chiyani agogo adalankhula ndi mdzukulu wawo m'malo molankhula ndi bambo aja? Kodi mwambo umenewu ulipo kwanu?
8. Tchulani zinthu zitatu zimene zidalakwika pamene mnyamata ankatsetsereka kupita kumtsinje. Inu mukuganiza kuti choopsa kwambiri chidali chiti? Perekani chifukwa.
9. Mmisiri wa pa Lirangwe adayala chiguduli naika mbale asanayambe ntchito. Adachitiranji zimenezi?
10. Mukadakhala mtsikana uja, mukadanena chiyani mwaulemu kuti bambo anu ayang'anenso zilembozo?

C. Chiyankhulo chathu

1. Mawu ena tidabwereka ku ziyankhulo zina, monga sipanala ndi belu. Lembani mawu ena asanu ndi atatu obwereka amene ali m'nkhaniyi.

2. Onani aneni awa: manga, masula, tseka, tsekula. Mneni wachiwiri akubweza ntchito ya woyamba. Lembani aneni obweza ntchito ya awa: vala, funga, mata, vundikira, pinda.

3. Mawu onga mbwee ndi phi timawatcha mvekero. Pezani mivekero ina inayi m'nkhaniyi. Tsirizani ziganizo izi ndi mvekero woyenera:
(a) Aphunzitsi atalowa, kalasi lonse lidangoti ______.
(b) Thumba litang'ambika, mtedza udangoti ______ pansi.
(c) Mzati wa khola uli ______, sukugwedezeka.
(d) Atamva kuti mbuzi zake zabedwa, adangoti ______.

4. Lembani mawu awa mochulukitsa: gudumu, chishalo, tayala, mkono, kathumba, pedulo, mmisiri.

5. Fotokozani tanthauzo la mwambi umene agogo adanena. Funsani akuluakulu kwanu kuti akuuzeni mwambi wina wofanana nawo.

D. Zochita

1. Chitani zoyesa za pensulo zija awiriawiri. Wina ayendetse nsonga, wina ayang'ane zilembo. Kodi pensulo ikutembenukira mbali yomwe chala chikupita, kapena mbali inayo?
2. Jambulani njinga m'makope mwanu, ndipo lembani maina a ziwalo zake khumi.
3. Pemphani mwini njinga kwanu kuti akuloleni kuyang'ana mapedulo ake. Kodi zilembo L ndi R zili pati? Yesaninso mabuleki ndi chiwongolero monga adachitira mmisiri uja.
4. Lembani chimangirizo cha ndime zitatu pa mutu uwu: Ntchito za njinga m'mudzi mwathu.